Chishalo cha Kutsogolo

M'shopu yanga ya njinga muli ngodya imene ndimaitcha bwalo la milandu. Ndi pamene ndinaika makina opalasira m'nyumba, aja umamangirirapo njinga n'kukhetsa thukuta osasuntha ngakhale phazi limodzi. Anthu amalowa akudzitama kuti chitunda chakutichakuti amachikwera akuimba mluzu. Akakwera pamakina, mphamvu ya miyendo yawo imaoneka pasikirini, ndipo ambiri amatsika akunena kuti makinawo ndi owonongeka. Ine kasitomala sindimutsutsa.

Anamwino ndi mng'ono wawo anabwera Loweruka masana. Ndinkawadziwa kale, poti njinga yawo ya anthu awiri, ya zishalo ziwiri ija, ndimaikonza ndine. Mng'onoyo, amene kwawo amangomuti Chitsiriza, saona chibadwire. Amakhala kumbuyo n'kumapalasa, mkulu wake ali kutsogolo kuwongolera, kugwira mabuleki ndi kusintha magiya. Nkhani yawo inali itafika kale m'shopu muno, chifukwa opalasa njinga pakamwa sipauma. Mpikisano wosankha timu ya dziko unali pafupi, ndipo kochi anali atanena mosapsatira kuti Chitsiriza akafuna kulowa m'timumo apeze wina wokhala kutsogolo. Anamwino anakanitsitsa. Ankati vuto n'lakuti mwanayo sapalasa mokwanira, popeza amadikira kuti iwo aweruke kuchipatala. Akapeza makina oti azipalasa yekha kunyumba, kochiyo adzachita manyazi yekha.

Ndinayamba ndi makina akale, amene tayala lakumbuyo limakhula pa kachitsulo kozungulira. Ndinazungulitsa pedulo ndi dzanja, shopu yonse n'kulira ngati chigayo. Ndinawauza zoona zake: amadya matayala, sawerenga mphamvu, ndipo chitunda umachita kudzipangira wekha potembenuza kachingwe. Anamwino anakwinya nkhope. Anati amene amakhala pansi pa chipinda chawo amadandaula ngakhale supuni ikagwa.

Tinapita pa achiwiri. Awa umachotsa tayala lakumbuyo n'kukoleka tcheni pa magiya a makinawo. Amalumikizana ndi foni, ndipo msewu wapasikirini ukayamba kukwera, mapedulo amalemera okha. Ndinayatsa sikirini yapakhoma n'kuyamba kuloza mapiri, mitengo ndi tianthu tina tikupalasa. Ndinalankhula mpaka kutopa ndisanakumbukire kuti ndikulozera ndani.

"Phirilo ndi lokongola, eti amalume?" anatero Chitsiriza. "Mundisungireko, ndidzaliona ndikadzapeza nthawi."

Ndinaseka mwamanyazi n'kuzimitsa sikiriniyo. Iye anali atagwada kale, akupapasa makinawo kuyambira pa miyendo mpaka pa magiya. Mafunso ake anali a munthu wodziwa chimene wadzera. Anafuna kudziwa ngati angakoleke tcheni yekha osadzipana zala, ngati makinawo sagwedera munthu akaimirira pamapedulo, ndiponso ngati mapedulo amalemera mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono. Kenako anatulutsa foni yake, yomwe imamuwerengera zonse mokweza, n'kundipempha kuti ndiilumikize. Anamwino anangoima pambali atanyamula zikwama zonse ziwiri, akumuuza kuti asamale girizi.

Njinga yoyesera nditaimangirira, Anamwino anati ayambe ndi iwo, aone ngati chinthucho sichingagwetse mwana. Anavula juzi, anamanga nsapato, n'kukwera. Ndinawaikira chitunda chachitali chimene ndimayesera aliyense wopita ku mipikisano. Foni ya Chitsiriza inayamba kutchula manambala ndi mawu a mzimayi wosadziwa kunyengerera. Anamwino anakankha ndi mtima wonse, mitsempha yapakhosi ili tolotolo, thukuta likugwera pa mahandulo. Nambala yawo sinali yochititsa manyazi. Kwa munthu woimirira tsiku lonse m'chipatala, inali yabwino ndithu. Koma ndaona manambala ambiri pangodya imeneyi, ndipo ndinadziwa kuti siinali ya timu ya dziko. Anatsika akupuma mwawefuwefu, akumwetulira.

Ndinakweza chishalo pang'ono, Chitsiriza n'kukwera. Anapapasa mahandulo n'kuwagwira. Aka kanali koyamba kuti akhale panjinga popanda msana wa munthu patsogolo pake. Atayamba kupalasa, foni inatchula nambala, kenako ina yokulirapo, kenako inanso. Inakwera mofulumira mpaka kuyandikira ya mkulu wake. Pamenepo inaima, inatsika pang'ono, n'kukhazikika pansi pake. Mtsikanayo anayamba kupuma mokweza n'kumapukusa mutu. Ine ndagulitsa njinga mpaka imvi, ndipo kutopa kwenikweni ndimakudziwa. Mapewa ake sankagwedezeka n'komwe. Ndinatenga kansanza n'kumapukuta sipanala yoyera kale, chifukwa za pachibale mlendo salowerera.

Chitsiriza anasiya kupalasa n'kunena kuti makina awa ndi ouma kwambiri, ndipo mawu a foniyo akumusokoneza. Bola atenge aja oyamba, aphokoso aja. Wapansiyo adzazolowera.

Anamwino anaika zikwama pansi, anayandikira, n'kugwira dzanja la mng'ono wawo pamkono, zala ziwiri pamtsempha, monga amachitira ndi odwala. Anakhala choncho maso ali pa wotchi. Kumwetulira kuja kunali kutatha.

"Mtima wako ukugunda ngati wa munthu amene akumvera wailesi," anatero. "Ukunamiza ndani, ine kapena makinawa?"

"Achemwali, ndatopa basi."

"Palasa."

"Tiyeni tingotenga aja."

"Ndati palasa, Chitsiriza. Monga umapalasira ukakhala kuti wakwiya."

Chitsiriza anaweramitsa mutu n'kukankha. Tcheni inalira mwamtundu wina. Foni inatchula nambala ya Anamwino n'kuidutsa osaima, ndipo inapitirira kukwera pamene chitunda chinkalimba. Anyamata awiri amene ankakangana za matayala pafupi ndi khomo anasiya mkangano wawo n'kutembenuka. Pomwe mkulu wake anathera mphamvu, iye m'pamene anaimirira pamapedulo. Chitunda chitatha anakhala pachishalo, thukuta lili kamukamu, ulendo uno akupuma zenizeni. Palibe anawomba m'manja, poti aliyense anaona nkhope ya Anamwino.

Anamufunsa motsitsa mawu kuti wakhala akudziwa kuyambira liti. Chitsiriza anati ndi kalekale. Panjinga ya awiri mapedulo amayendera limodzi, ndiye pachitunda amamva mapazi a kutsogolo akutsalira, iye n'kumakankhira onse awiri. Sanawauze poti sanafune kukhala kumbuyo kwa munthu wina. Amene anamuphunzitsa kukwera njinga pabwalo la sukulu ndi iwo, amene anagwa naye koyamba ndi iwo, ndipo timu ya dziko ikhoza kukhala ndi eni ake.

"Sindikufuna wina, achemwali."

"Zofuna zako n'zimene zatifikitsa pano," anayankha Anamwino. "Ndakhala katundu nthawi yonseyi, ndikudziyesa dalaivala."

Ndinamva chisoni, sindibisa. Makasitomala anga ambiri akagonja pangodya ija ndimasekera mumtima, koma awa sanati makina ndi owonongeka. Anapukuta kumaso ndi juzi yawo n'kundiuza kuti atenga achiwiriwo, owerenga ndi olankhula, ndipo ndimuonetse mwanayo kukoleka tcheni mpaka azolowere. Ndinagwira manja a Chitsiriza n'kuwayendetsa pa magiya, kuchotsa, kukoleka, kuchotsanso. Anaphunzira msanga, ngakhale misozi inkagwera pa zala zake, osaipukuta chifukwa cha girizi.

Ndikumanga katoni, Anamwino anabwera pakauntala, mng'ono wawo atapita kukasamba m'manja. Anandifunsa kuti mwa atsikana amene amayesa makina pano, wamphamvu kuposa onse ndi ndani. Ndinawauza za wina wophunzitsa masewera pasukulu, wamtali, wosalankhulalankhula, amene amakwera chitunda changa chija n'kufunsa ngati pali china. Anapempha kuti ndimuimbire Lolemba.

Anamwino anasisita m'mphepete mwa katoniyo.

"Mwati salankhula?"

"Ndi wofatsa, mayi."

"Ndiye mumuuze kuti aphunzire. Azinena asanakhote, azinena asanagwire buleki, ngakhale kadzenje kakang'ono azikatchula. Mwana wa mayi angayu saopa liwiro, koma akangokhala chete wakutsogolo amayesa kuti chalakwika. Mumuuzenso kuti mpikisano ukatha asamusiye ataima yekha pagulu. Ine ndidzakhala kuseri kwa chingwe, sadzandilola kulowa."