Ndimu m'Tambula Yoyamba

Mwana wanga wamkazi Hiam anandipempha makiyi a chipinda chapansi pa nyumba yathu mu Disembala. Febuluwale anafika ndisanamuyankhe. Sikuti ndinkakana. Ntchito yokonza mafuriji ndinaiphunzira kusukulu yamadzulo ku Tripoli, ndipo mphunzitsi wathu ankati usamasule kanthu usanamve mmene makina akulirira. Khalidwe limeneli linandilowerera mpaka pa nkhani za pakhomo.

M'chipindamo bambo anga ankatchezeramo araki, kachasu wathu wa mphesa, inenso ndimatchezera momwemo mphesa zikapsa. Hiam ankafuna kumafululiramo mowa wa balere. Ankafululira m'khitchini ya mnzake ku Batroun, ndipo malowo anali atamuchepera. Ine mowa wakewo ndinali ndisanaulawepo.

Lachisanu lina tikudya anati: "Ababa, ondiitanira ntchito ku Montreal aja akufuna yankho Lolemba. Mawa ku bala ya Wadih anthu akalawa mowa wa nyengo yozizira, wanga uliponso. Mukapanda kubwera, ndidziwa chowayankha."

Ndinapita ndi Melhem, mnansi wanga, amene anayendetsa takisi zaka makumi atatu mpaka shuga atamukhazika pansi. Dokotala anamuletsa mowa.

"Ndiye ukupita kukatani?" ndinamufunsa tili m'galimoto.

"Kukadya makaroti aulere. Komanso kukaona mmene nkhope yako ikhalire pakati pa anyamata a ndolo m'makutu."

Tinafika dzuwa litangolowa, kukugwa kamvula. Wadih anatikhazika pafupi ndi chitofu. Aliyense anamupatsa kathabwa kokhala ndi matambula anayi ang'onoang'ono a manambala, ndiponso nthangala imodzi ya azitona. Pakauntala panali mabotolo anayi opanda kanthu. Ukalawa, unkayenera kuponya nthangala yako m'botolo la mowa umene wakukomera. Mayina a ofulula sanawalembe.

Patebulo panali mbale ya makaroti, mchere ndi mandimu ochekacheka. Manja anga sanandifunse. Chiyambire kumwa mowa wa m'botolo, ndimauthira ndimu ndi kupaka mchere kukamwa kwa tambula, monga amachitira aliyense kwathu kukatentha. Ndinafinyira ndimu yense m'tambula yoyamba, n'kupaka mchere, n'kumwa theka.

Nditakweza maso ndinaona Hiam ataima ndi thireyi pakati pa matebulo. Anaitula pang'onopang'ono, n'kulowa kukhitchini.

"Tanios, bulu wa kumapiri iwe," anatero Melhem, karoti ali m'kamwa. "Wachita chiyani?"

"Ndathira ndimu."

"Ndaona, maso sanathe ndi shuga. Wamvamo chiyani?"

"Ndimu," ndinavomera.

"Chaka chatha mkamwini wanga anaponya ayezi m'tambula ya araki wako asanathiremo madzi. Unamutani?"

Ndinakumbukira bwino: ndinamulanda tambulayo n'kukaikhuthulira pa maluwa, ndipo sindinamulankhule mpaka Pasaka.

Ndinakodola Wadih kuti andithirirenso woyamba uja. Anatambasula manja. "Pepani akulu, mgolo wake unali waung'ono, watha ndi matambula omwewa."

Ndinalawa otsalawo mwaulemu, pakati ndikutsuka m'kamwa ndi madzi. Wachiwiri unali wa maapulo, woyera, wotsekemera ngati wopatsa ana paukwati. Wachitatu anauthira zaatara wa m'tchire wambiri, masamba onunkhira amene kwathu timadyera buledi, moti unkakhala ngati ukumwa chakudya cham'mawa. Wachinayi unali wakuda bii, wa uchi wa zipatso za mtengo wa kharubu, wolemera, wotsala pakhosi nthawi yaitali ukameza. Umenewu unafululidwa ndi munthu wosapupuluma. Koma mtima wanga sunali pamenepo. Chitseko cha kukhitchini chinali chotsekabe, ndipo ndinali nditadziwa kale kuti ndimu uja ndinamufinyira mu mowa wa yani.

Melhem anakankhira kathabwa kake kwa ine. Matambula ake onse anayi anali odzaza.

"Tenga. Ukakhudzanso ndimu ndikuthyola chala."

Ndinatenga tambula yoyamba. Thovu linali litatsika, mowa utayamba kufunda. Ndinachita zimene bambo anandiphunzitsa poyesa araki: ndinadontheza pang'ono pachikhatho, ndinatikita, ndinanunkhiza. Anyamata a tebulo lina anaseka. Sindinawasamale, chifukwa fungo lija ndinalidziwa. Linali la makoko a malalanje owawa owambidwa pachitofu, ndipo osati malalanje wamba, koma a mtengo wakale wa kuseri kwathu, wa makoko okhuthala onunkhira ngati tsabola.

"Melhem," ndinatero, "mwezi wathawu malalanje anga akhala akusowa mu mtengo."

"Mbalame."

"Mbalame zobwera ndi makwerero?"

"Iwe sunaone kuti makwerero anga akugona kumpanda kwako milungu itatu? Mtsikanayu ankaopa kukupempha. Amati munthu wapempha makiyi miyezi iwiri osayankhidwa, malalanje angatenge zaka zingati?"

Ndinamwa pang'onopang'ono. Poyamba unali wofewa, wa balere, kenako lalanje linabwera lokha popanda kulikakamiza. Kumapeto kwake kunali kuwawa kokanda, ndiponso kafungo kena ngati ka nthochi yopsetsa. Kafungo kameneko ndimakadziwa. Kamabwera zofufumitsa zikagwira ntchito pamalo otentha.

Ndinanyamuka ndi nthangala yanga. Pakauntala ndinaima nthawi ndithu, kenako ndinaiponya m'botolo lachinayi. Hiam anali atatuluka, ndipo anaona.

"Zikomo pobwera, ababa," anatero ndi mawu ouma. "Ndimu anakoma?"

"Ndinalakwa, mwanawe. Ndaulawanso m'tambula ya amalume ako a Melhem, wopanda ndimu."

"N'kusankha wa kharubu."

"Wa kharubu ndi wakupsa. Wako sunafike. Makoko unawasenda mozama, choyera cha mkati chinalowa nawo. Ndipo khitchini imene ukufululirayo ikutentha. Madigiri angati?"

Anandiyang'ana ngati sanamve. "Makumi awiri ndi anayi. Masana amapitirira."

"Pansi pa nyumba yathu ndi khumi ndi asanu ndi limodzi, chilimwe ndi dzinja lomwe. Ndakhala ndikuyeza kuyambira Disembala."

"Mwakhala mukuyeza?"

"Nanga ndikanayankha bwanji ndisanayeze?"

Ndinatulutsa makiyi m'thumba la jekete n'kuwaika pakauntala. Anali pa waya yemwe uja amene bambo anamangirapo. Hiam sanawatole msanga. Anayamba kuseka, kenako anaphimba kumaso ndi nsalu yopukutira matambula.

"Mbali ya kumanzere ndi ya araki," ndinatero. "Usaikhudze. Lalanje lija unalipeza bwino. Sindinkadziwa kuti mtengo umene uja ungalankhule choncho."

"Ndipo makwerero anga abwerere!" anakuwa Melhem ali patebulo.

Pomaliza Wadih anakhuthula mabotolo n'kuwerenga nthangala. Wa kharubu unapambana, wa Hiam unakhala wachitatu. Lolemba m'mawa ndinamumva palamya akuuza a ku Montreal kuti apeze wina. Atatha anatsikira pansi ndi tsache.

Madzulo ake ndinabweza makwerero kwa Melhem, pamodzi ndi thumba la makaroti. Ndinayesa kumuthokoza chifukwa cha tambula ija, koma mawu sanatuluke bwino.

"Usandithokoze ine," anatero akusuzumira m'thumbamo. "Kathokoze dokotala. Akanapanda kundiletsa, ndikanamwa onse anayi iwe usanathe kufinya ndimu wako."