Dothi la Kuseri kwa Fakitale

Malotowa andisowetsa mtendere. Ndinalota ndabwerera kutauni kwathu kuja tidathawa mankhwala apafakitale atalowa m'zitsime. Ndinkayenda khomo ndi khomo ndikuti "Odi!" koma wondiyankha panalibe. Mipopi inkadontha madzi obiriwira, onunkha motsamwitsa. Nkhuku zakufa zinali ngundangunda mumsewu. Kenako ndinaona mng'ono wanga Esinati, yemwe ndi woyembekezera, atakhala pachulu kuseri kwa fakitale, akudya dothi. Ndinayesa kukuwa kuti alavule, koma mawu sanatuluke.

"Achemwali, mwanayu akufuna dothi lakwawo," anatero akumwetulira, mano ali bii.

Kaya ndi maloto chabe, kaya. Koma m'mawa uno ndamuimbira foni. Akuti dothi lakumsika silikumukomera, ndipo wandifunsa ngati maminibasi amafikabe kwathu kuja.