Usaleke Tisanafike

Matenda ake anali amwano. Ankabwera osaodira, n'kuthawa dokotala asanawaone. Mayi woluka tsitsiyu anathamangirapo kuchipatala kangapo konse mtima ukugunda ngati chigayo, koma akangoti wagona pabedi, mtima uja zii, ngati mwana waulemu pamaso pa alendo. Makina ankaonetsa kuti zonse zili bwino.

Mwamuna wake, makaniko wosakhulupirira chinthu asanachigwire ndi manja, anafika pomuseka. "Galimoto ikamangovuta makaniko kulibe, ndiye kuti vuto ndi dalaivala," ankatero. Mawu amenewa ankamupweteka mayiyu kuposa matendawo. Dokotala anamuuza mosabisa: "Mayi, sindingachize chomwe sindinachione. Mudzayesetse kufika ukadali kuthamanga."

Tsiku lina mtima uja unayambanso masana ali musaluni, mutu wa kasitomala uli pakati. Chipeso chinagwa. Mtsempha wa pakhosi unayamba kudumphadumpha, m'maso munada, thukuta lili kamukamu.

"Khazikani mtima pansi, achemwali," anatero mnzake wa pantchito, akubwera ndi madzi a m'firiji.

"Chotsani madziwo."

Mayiyo ankadziwa kuti madzi ozizira kumaso, ngakhale kutsokomola kumene, nthawi zina kumauleketsa. Lero ayi. Anaimbira mwamuna wake, ndipo anabwera ndi galimoto ya kugalaja, ovololo ili mafuta okhaokha, nkhope ili ndi ija yakuti tayambanso.

Pamsewu magalimoto anali atathinana, osasuntha. Chifuwa chinamukanda pakhosi, iye n'kuchimeza mpaka misozi. Ankaopa kufa, inde, koma ankaopanso kufika atachira. Anthu amapempha kuti ululu uchoke, koma iyeyu ankaunyengerera kuti ukhale. "Usandichititse manyazi iwe," ananong'oneza mtima wake, dzanja lili pachifuwa. "Usaleke tisanafike."

"Pumani pang'onopang'ono, amake mwana," anatero mwamunayo.

"Yendetsani galimoto, bambo. Musandiphunzitse kupuma."

Atafika kuchipatala, anamulowetsa pa njinga ya odwala. Namwino anamumata mawaya pachifuwa mwachangu. Pepala linatuluka m'makina lili ndi mizere yothinana ngati mano a chipeso. Dokotala analiyang'ana n'kugwedeza mutu.

"Taugwira, mayi. Magetsi a mumtima mwanu akuzungulira m'kanjira kolakwika. Zimachizika zimenezi."

Mayi uja analira osabisa nkhope.

Anamupatsa sirinji yopanda singano kuti auziremo mwamphamvu, kenako anamugoneka n'kumukweza miyendo. Koma mtima uja, pouchonderera kuti usaleke, unamvera mopitirira. Unakanitsitsa.

"Tikubayani mankhwala," anatero dokotala. "Mtima uima kanthawi kochepa kwambiri, kenako uyambiranso bwino. Mumva ngati mukufa, koma simufa. Tsiku lina tidzatseka kanjira kaja kuti zisamabwererenso."

Mayiyo anatembenukira kwa mwamuna wake, amene anangoti njo pakhomo. "Bwerani mudzagwire apa," anatero, akumupatsa mkono. "Si paja mumakhulupirira za m'manja?"

Makaniko uja anaika zala zake zakuda pamtsempha. Unkathamanga moti sakanatha kuuwerenga. Namwino anakankha mankhwala. Mayiyo anamva chimwala pachifuwa, chipinda chikupita kutali. Pansi pa zala za mwamuna wake panalibe chilichonse.

"Adokotala," mwamunayo anaitana.

Kenako gu. Gu. Gu. Pang'onopang'ono, mwaulemu.

Mayi uja anatsegula maso, atatopa ngati wasenza nyumba. "Nanga bambo," anafunsa motsitsa, "vuto ndi dalaivala?"

Namwino anapempha mwamunayo kawiri kuti asiye mkonowo amuyeze wodwala, koma iye anangoima pomwepo misozi ikugwera pa ovololo, zala zili pamtsempha, akuopa kuti akangochotsa uimanso.