Gitala ya Khosi Lopindika

Ndinabwerera kwathu patatha zaka khumi ndi chimodzi. Chikwama chimodzi kumsana. Amayi anandiyang'ana pakhomo, nati, "Mukufuna ndani, bambo?"

Matenda oiwala. Achemwali anga ndiwo ankawasamala zaka zonsezi.

"Usadandaule," anatero achemwali. "Nafenso tinakuiwala, chikhalirecho sitikudwala."

M'mutu mwa amayi munatsala chinthu chimodzi: kanyimbo kamene malemu bambo ankaimba pa gitala. Amayi ankakang'ung'udza akupindapinda nsalu. Ndili mwana ndinkakhala pamapazi pa bambo akamakaimba. Ndiye ndinati, ndikawaimbira, mwina adzandidziwa.

Ndinagulitsa chikwama ndi jekete. Kusitolo ya katundu wakale, kuseri kwa depoti ya mabasi, gitala inali pakati pa mafiriji akufa. Khosi lopindika. Nsambo zadzimbiri. Kachitsulo kamodzi kokungira nsambo kanali kothyoka.

"Imeneyi ndi yophunzirira, bwana," anatero wogulitsa. "Ikakukanikani, nkhuni zabwino."

Nsambo imeneyo ndinkaikunga ndi pulayala. Maphunziro ndinkaonera pafoni, pakhonde. Nsambo zonse zinatalikirana ndi khosi, kukanikiza kwake ngati pampeni. Amati zala zimalimba pakapita masabata. Zanga ayi. M'mawa uliwonse ndinkachapa zofunda za amayi, madzi n'kufewetsa khungu. Masana nsambo n'kudulanso pomwepo.

"Leka kuchapa kapena leka phokosolo," anatero achemwali. "Koma ukaleka kuchapa, njira ya kudepoti ukuidziwa."

Sindinaleke chilichonse. Miyezi iwiri. Ndinadziwa magwiridwe atatu a zala pansambo. Nyimboyo sinkafuna zambiri.

Lamlungu masana ndinalowa nayo kuchipinda. Fungo la mankhwala ndi sopo. Amayi pampando, maso kukhoma. Ndinayamba. Ndinaphonya. Ndinayambanso.

Anatembenuka. Milomo yawo inatsatira nyimbo mpaka kumapeto. Kenako anandiyang'anitsitsa, maso mbee, ngati munthu amene akudziwa amene akumuona.

"Mwabwera, bambo a mwana?"

Achemwali, amene anaima pakhomo, anagwira pakamwa.

"Amayi, ndine..."

"Mwana uja mwam'peza? Ndinakutumani kalekale. Anatuluka ndi chikwama, osatsanzika. Jekete anatenga? Kunjaku kukuzizira."

Ndinayang'ana zala zanga. Kamagazi pansambo.

"Anatenga," ndinatero.

"Mukam'peza musamukalipire. Ndimakudziwani inu. Mungomuuza abwere."

"Ndimuuza."

"Imbaninso."

Ndinaimba. Nsambo ya pulayala ija inali itamasuka kale, ikungolira zake. Iwo sanamve cholakwika.

Mawa lake anafunsanso za mwanayo. Mkuja wakenso. Ndikalowa chimanjamanja, ndine mlendo, amabisa kachikwama kawo pansi pa pilo. Ndikalowa ndi gitala, ndine mwamuna wawo. Ndiye ndimalowa ndi gitala. Ndimaimba, ndimadikira funso, ndimayankha zomwezo.

"Ndikumufunabe."