Madzi, Mchere ndi Mpunga

"Achemwali, a zamaliro aja aimbanso," anatero Henderson ataima pakhomo la khitchini. "Akufuna yankho isanakwane twelofu. Alamu tiwaika ku Barking, mu London konkuno, kapena akwera ndege?"

Edna anafulatira mlongo wakeyo. Anangopitiriza kupukuta kapu youma kale. Panali patadutsa masiku anayi chimwalirireni mwamuna wake Crispin, nesi mnzake wochokera ku Cebu, m'dziko la Philippines. Ali m'chipatala ananena mosapsatira kuti adzaikidwe ku London, pafupi ndi mkazi wake. Koma mayi ake okalamba kumudzi ankadikirabe thupi la mwana wawo, ndipo Chingelezi sankachimva. Ankalankhula Chisebuano chokha.

Zaka khumi ndi ziwiri za banja, nanga Edna anatolapo chiyani pa chilankhulocho? Tubig, madzi. Asin, mchere. Bugas, mpunga wosaphika, kan-on, wophika. Mawu opatsirana zinthu pophika basi. Crispin akati amuphunzitse ena, iye ankati, "Mawa, lero ndatopa ndi shifiti." Mawa lija linali litatha tsopano, ndipo mtima unkamuwawa, osati ndi chisoni chokha, komanso ndi ukali wodzikwiyira yekha.

"Ingolembani pa foni, imamasulira yokha," anatero Henderson.

"Iwe, nkhani ngati iyi imafuna pakamwa pa munthu. Amayi athu ukanawauza ndi makina?"

"Nanga msuweni wa alamu uja, Felton, sangatimasulire?"

"Ali pa shifiti ya tsiku lonse ku care home kosamalira okalamba kuja, foni anaitsekera mu loka. Ndaimba mpaka chala chauma."

"Ndiye tingouza anthu aja kuti tiika kuno. Agogowo adzamva pambuyo pake."

"Kuika mwana wa munthu mwakuba? Ayi."

Henderson anayang'ana wotchi, nausa moyo ngati kuti wotopa ndi iye. Edna anaponya kansalu musinki, nakhala pampando, naimba foni ya kanema.

Nkhope ya apongozi ake inatulukira, yaing'ono, maso atatupa. Edna anafufuza m'mutu mwake ngati munthu wofuna ndiwo m'kabati mopanda kanthu. Anapeza mawu awiri: Nanay, kutanthauza mayi, ndi dinhi, lomwe Crispin ankanena pomusonyeza poika mphika wotentha. Pano.

"Nanay," anatero. Anadzigwira pachifuwa, kenako analoza pansi. "Crispin. Dinhi."

Anachita manyazi. Nkhani yonse ya manda a munthu, iye n'kuinena ngati akuika mphika.

Misozi ya mayiwo inayamba kutsika, iwo osaipukuta. Henderson anasiya kuyang'ana wotchi. Kenako mayiwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono movomera. "Dinhi," anabwereza, akuloza Edna.

Atatero anasuzumira pambali natenga kope lakutha m'mbali. Atalitsegula, Edna anaona zilembo zopendekera za Crispin zitadzaza tsamba lonse, zazikuluzikulu, zolembera munthu wa maso ofooka. Sanadziwepo za kope limeneli. Mayiwo anayendetsa chala pamzere, nawerenga Chichewa mokoka, liwu limodzilimodzi.

"Mwana wanga. Wadya?"

Edna anagwira pakamwa. Funso limenelo yankho lake ankalidziwa, la kukhitchini komwe.

"Wala pa, Nanay," anatero. Sindinadye, amayi.