Manda Amene Ndinapempha kwa Mulungu

Chichokereni kwa Gwirize tulo tinandithawa. Ndinkagona m'kanyumba kosungiramo fodya kamene mlongo wanga Enelesi anandisesera, ndikumvetsera chiswe chikudya phaso, mtima uli ku mitengo yanga.

Kwa Gwirize ndinapita chikamwini ndevu zisanamere, ndinachokako mutu utayera. Ndinaumba njerwa ndekha, ndinawotcha ndekha, ndinamanga nyumba ya malata. Kuseri kwake ndinadzala mango a boloma. Mbewu zake ndinkachita kutola pamsika anthu akataya, n'kubwera nazo m'thumba la malaya. Mkazi wanga Nachisale atamwalira, tsitsi la pa maliro lisanamere n'komwe, mlongo wake Gelesomu anaitana akuluakulu kuti andisudzule.

"Alamu, mwatigwirira ntchito, tathokoza," anatero Gelesomu. "Koma tambala wobwereka, thadzi likafa, amabwerera kukhola kwawo."

"Nanga mitengo yanga?"

"Izuleni munyamule. Dothi lokha musiye, n'lathu."

Anthu anaseka. Velina, mwana wanga mmodzi yekhayo, anakhala pakati pa amayi, chitenje chili pakamwa, maso ali pansi. Kuseka kuja ndikanakuiwala, koma kukhala chete kwa Velina kunandilowa m'mafupa.

Ine si munthu wakunja. Ndinabatizidwa, ndipo njerwa za tchalitchi cha kumeneko zina zinadutsa pamutu panga. Choncho ndinayamba kupemphera mwaulemu, monga munthu wopempha mchere kwa mnzake. Ndinati, Ambuye, ndibwezereni nyumba yanga. Sikunamveke kanthu. Ndinati, chabwino, nyumba ikhale, koma Gelesomu atupe mwendo kuti adziwe kuti mkamwini naye ali ndi mwini wake. Dzinja linadza n'kupita, mwendo wa Gelesomu uli bwinobwino. Mkulu wa mpingo wa kuno anandiuza kuti Mulungu ali ndi nthawi yake. Iyeyo amalankhula choncho chifukwa amagona m'nyumba yake.

Tsiku lina m'chilimwe Enelesi anabwera kuchokera kuchigayo, ufa uli mbuu m'nsidze, nkhani ili pakamwa asanatule n'komwe thumba.

"Achimwene, mlamu wanu uja wagula njinga yamoto. Akuti ndi mango a chaka chatha."

"Mango a yani?"

"Mukundifunsa ngati ndinadzala ndine. Chaka chino akuti abereka mpaka nthambi achita kuchirikiza ndi mphanda. Ndiponso Velina ndi wodwala, watopa ndithu. Mwezi uno kapena wamawa."

"Akauze atsibweni ake a njinga yamoto. Ine ndilibe mwana."

"Pakamwa panupa, achimwene, tsiku lina padzakupweteketsani."

Ndinatuluka n'kupita kumunda kwa Enelesi, kumene kunali mapesi okhaokha ndi dzuwa. Sindinagwade. Ndinaima chilili, chipewa chili kumutu, n'kuloza kumwamba ndi ndodo yanga.

Ndinati, "Inu, ngati mulipo, ndatopa kulankhula ndi mphepo. Ndionetseni. Mango anga asanapse ndimve mfuu wa maliro kwa Gwirize. Wodya thukuta langa alowe m'manda. Zikatero ndidziwa kuti mulipo ndipo mumamva. Zikapanda kutero, ndiye kuti kumwambako kuli mitambo yokha, ndipo anatinamiza."

Kuyambira pamenepo ndinkakhala pakhonde kuyang'ana njira yochokera kwa Gwirize. Njinga iliyonse ikatulukira, ndinkaimirira, poganiza kuti ndi wodzanena uthenga wa maliro. Ndinkaona Gelesomu ali m'bokosi, thonje lili m'mphuno, ine nditaima kumutu kwake ndikudya bango lakupsa, madzi ake akuyenderera mpaka m'chigongono. Maganizo amenewa ankandikhutitsa kuposa chakudya.

Masana ena dzuwa linatentha kwambiri, mpaka nkhuku zinangoyasamula milomo pansi pa nkhokwe. Ndinatsamira khoma, maso akulemera. Nyenje zinkalira, kenaka zinasiya zonse nthawi imodzi.

Ndinapezeka ndili kuseri kwa nyumba yanga ya kwa Gwirize. Kunali zii. Masamba a mango sankagwedera, ndipo mthunzi unali wozizira ngati m'msitu wa kumanda. Ndinamva fungo la dothi lofiira longofukulidwa kumene, losakanikira ndi fungo la utomoni wa mango osapsa. Pansi pa mtengo waukulu, umene ndinayamba kudzala, panali dzenje. M'dzenjemo munkamveka khasu, pang'onopang'ono, monga amakumbira munthu woidziwa ntchito yake.

Wokumbayo anaweramuka. Anali malemu atsibweni anga a Kambwiri, amene anandilera mayi atamwalira. Moyo wawo wonse anali mkulu wa adzukulu m'mudzi mwathu, ndipo palibe manda amene ankakumbidwa iwo asanalembe pansi ndi chala cha kuphazi. Anali atavala kabudula wawo wakuda uja, chifuwa chili pamtunda, dothi litamatirira m'tsitsi la pachifuwa. Thukuta analibe. Ndinafuna kuomba m'manja koma manja anga anakana kukumana.

"Yotamu," anatero, mawu ali pansipansi. "Waitanitsa manda."

"Eya, atsibweni. A Gelesomu."

"Dzina sunatchule. Unati wodya thukuta lako."

Anatuluka m'dzenje n'kutola bango la kudambo limene linali pa mulu wa dothi, lija amayezera mtembo kuti adzukulu adziwe pokumba. Analiimika pambali panga. Gelesomu ndi munthu wamtali, ine ndimamulekeza m'khutu. Bango ili linandilekeza paphewa. Ndinalidziwa msinkhu wake. Ndi pamene pamalekeza mutu wa Velina akaima pafupi nane.

A Kambwiri anatola bango lina. Linali lalifupi, losafika n'komwe kuchokera pachigongono mpaka kunsonga za zala. Analigoneka pambali pa linzake mosamala, ngati likhoza kudzuka.

"Gelesomu mango amagulitsa," anatero. "Amene amadya ndi uyu. Akuwalakalaka aawisi, ndi mchere, m'mawa uliwonse. Akudya awiri."

Ndinati, "Ine sindinatanthauze zimenezo."

"Khasu silifunsa zimene munthu amatanthauza."

Pamenepo mkwiyo unandibwerera, ngakhale ndinali ndi mantha. Ndinati, "Ndiye kuti pemphero la nyumba yanga sanalimve, la mwendo sanalimve, koma ili lokha ndi limene walitchera khutu? Ndiuzeni, atsibweni, inu muli kumeneko. Mulunguyo mwamuona? Alipo?"

Anandiyang'ana monga ankandiyang'anira ndikataya mbuzi ndili mwana.

"Ine ntchito yanga ndi manda. Zinazo sanditume. Koma mwambo ukuudziwa. Dzenje lokumbidwa siligona lopanda kanthu. Walikumba ndi pakamwa pako, ukalitseke ndi manja ako, mango asanapse."

Anandipatsa khasu. Mpini wake unali wozizira ngati mwala wa mumtsinje. Pamwamba pathu bango limodzi la mumtengo linathothoka n'kugwera m'dzenje, koma sindinamve kuti lafika pansi.

Ndinadzidzimuka. Dzuwa linali litapendeka, nyenje zikulira monga kale. Zala za dzanja langa lamanja zinali zitafumbata, ndipo zinanditengera nthawi kuti zitambasuke.

"Mumalankhula ndi ndani, achimwene?" anafunsa Enelesi ali pamtondo.

"Ndibwereke khasu ndi chikwanje."

"Mukukapha munthu?"

"Ndikanakonda."

M'mawa mwake ndinanyamuka mame asanaume. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa zimene adzukulu amachita manda akakumbidwa koma mtembo osabwera. Amadula thunthu la nthochi n'kuliika m'malo mwa munthu, kuti dzenje lisaitane wina. Ndinadula langa kudimba kwa Enelesi, lofika paphewa panga, ndi kamphukira kake kamene kanali pambali. Ndinamanga zonse ndi luzi n'kusenza. Thunthu la nthochi limalemera ngati munthu, ndipo limadontha madzi ozizira m'khosi. Anthu m'njira ankandipatukira osafunsa kanthu.

Kwa Gwirize sindinaodire nyumba ya munthu. Ndinazungulira kuseri. Mitengo yanga inali itabereka monga ananenera Enelesi, ndipo mango ena anali atayamba kale kuyezuka m'mapewa. Pansi pa mtengo waukulu panali makoko aawisi ndi kambale ka mchere.

Ndinakumba pomwepo. Dothi la chilimwe ndi louma, ndipo msana wanga si wa kale, koma ndinakumba mpaka m'chiuno. Ndinagoneka thunthu lija, kamphukira pambali pake, n'kukwirira. Nditaweramuka ndinaona Velina ataima pakona ya nyumba, dzanja lili kumsana, mimba ili patsogolo, mapazi atatupa. Anali ataona zonse. Iye ndi mdzukulu wa a Kambwiri, sanafunikire kuuzidwa.

"Ndipatse madzi," ndinatero.

Anabwera nawo m'chikho, akufuna kugwada. Ndinamuletsa. Ndinamwa madzi osameza, n'kuwalavulira pa dothi lofiira lija, monga amachitira kholo pochotsa chakukhosi pa mwana wake.

"Mawu anga ndabweza. Pano pasalowe munthu, wamkulu kapena wamng'ono."

"Ababa," anatero Velina, "tsiku lija ndinkaopa. Akanandithamangitsa nanenso."

"Khala pansi. Munthu wotopa saima padzuwa."

Njinga yamoto inalira kumaso kwa nyumba. Gelesomu anatulukira atavala magalasi akuda, mimba itatsogola kuposa ya Velina. Anayang'ana khasu, anayang'ana dothi, n'kuseka.

"Alamu, mwabwera kudzazula mitengo ija? Mukanandiuza, ndikanakubwerekani ngolo."

Ndinapukuta khasu ndi udzu bwinobwino, mbali zonse ziwiri, kenaka ndinamuyang'ana.

"Ndabwera kudzakwirira manda ako, Gelesomu. Anali akoako. Uthokoze mimba ya mwana wanga, chifukwa ukanakhala kuti umadya wekha, ndikanawasiya apululu."

Kuseka kunamuthera pakamwa. Anavula magalasi n'kuyang'ananso dothi lija, ndipo sanayandikire. Ndamva kuti mpaka lero sadutsa pansi pa mtengo umenewo, amachita kutuma anthu okathyola. Zimenezo zimandikondweretsa, ndipo sindibisa. Sindinamukhululukire. A Kambwiri sananditume zimenezo.

Velina anachira bwino mvula yoyamba itagwa, mwana wamkazi. Mango anapsa, mfuu wa maliro sunamveke kwa Gwirize. Malinga ndi zimene ndinanena kumunda kuja, ndiye kuti kumwamba kulibe munthu. Koma ndikafika pamenepo ndimakakamira, chifukwa sindikudziwa amene anadzutsa a Kambwiri m'manda mwawo n'kuwapatsa mabango awiri. Enelesi akuti yankho langa ndi limenelo. Ine ndikuti nyumba yanga akugonamo ena mpaka pano, ndiye nkhani yathu ndi Mulungu sinathe. Ndimamufunsabe, koma masiku ano ndimayamba ndayeza mawu ndisanawatulutse.

Sabata yatha Velina anatumiza dengu la maboloma, akupsa bwino, ofewa. Enelesi ankaganiza kuti ndiwabweza. Ndinakhala pakhonde n'kudya mpaka madzi ake anafika m'chigongono. Ndi anga.