Lamba Woyera wa Bambo

"Thumbalo lisiyeni pomwepo, achimwene," anatero Mzime.

Mlongo wake anali atakwera kale pampando, sipanala m'dzanja, akumasula thumba la mchenga limene bambo awo ankaphunzitsira karate. Maliro a bambowo anali atangotha kumene, koma iye anali atapangana kale ndi kalipentala woti alowe m'holo ya karateyo.

"Iwe Mzime, karate yapita ndi mwini wake. Ophunzira athawira ku judo. Akuti munthu akangokugwira malaya, zibakera zako zimasanduka kuwomba m'manja."

Mkanganowo Mzime anakula nawo: a karate ankati a judo amangokumbatirana, a judo ankati a karate amamenya mphepo.

Pakhomo panatulukira mphunzitsi wa judo wa kutsidya kwa msewu, amene anthu ankawatcha a Mapewa. Anavula nsapato, nawerama asanaponde matabwa. Pambuyo pawo panali wophunzira wawo wamkulu, dalaivala wa lole wa khosi ngati chitsa, ndi ophunzira othawa aja, maso ali pansi.

"Ndamva kuti mukutseka," anatero a Mapewa. "Anthu awa akufuna kudziwa luso loposa linzake. Ine ndati pakamwa pamanama, tiyeni tikaone ndi maso."

Mlongo uja anayang'ana dalaivala, nayang'ana Mzime, naseka. "Amupinda ngati nsalu ameneyu. Chabwino. Ukagonja, kalipentala alowa mawa."

"Nanga ndikapanda kugonja?"

"Holo ndi yako."

Mzime anamanga lamba wake wakuda. Anaweramirana ndi dalaivala. Mwamunayo ankabwera pang'onopang'ono, manja ali patsogolo ngati wofuna kugwira nkhuku. Mzime ankamuzungulira patali. Phazi lake linafika m'nthiti, nabwerera. Linafikanso. Dalaivala anangomwetulira, kenaka mwadzidzidzi anamugwira pamkono wa malaya, nkulowetsa chiuno. Denga linatembenuka.

Koma Mzime anapinda khosi, chikhatho chake chinamenya matabwa thupi lisanafike, nagubuduka, nadzuka. Dalaivala potembenuka anapeza chibakera chaima pansi pa chibwano chake, chitangokhudza ndevu.

Dalaivala anakweza manja.

"Chemwali, mukadapanda kuimitsa, bwenzi ndikutafunira mbali imodzi mpaka chaka chamawa."

"Inunso pakadakhala pa simenti, bwenzi mukunditola ndi fosholo," anatero Mzime, akupuma mwabefu.

Ophunzira anaphulika kuseka ndi kuwomba m'manja. Ena anayamba kuvula nsapato osauzidwa, nkumalowa mmodzimmodzi. Mlongo uja anawayang'ana, natsika pampando.

"Mawu ndi mawu, holo ndi yako. Koma kagwedwe kameneko si ka karate. Unakatenga kuti?"

"Kwa bambo. Kumene anakatenga iwo sindidziwa."

A Mapewa anapisa dzanja m'chikwama natulutsa lamba wa oyamba kumene, woyera koma wotuwa ndi thukuta.

"Uyu ndi wa bambo ako. Ankabwera kwanga m'mamawa anthu asanadzuke, imvi zili mbuu, nkumaima kumapeto kwa mzere. Ndawagwetsa zaka zambiri, iwonso nkumandionetsa nthiti zanga pamene zili poyera. Tinakangana mpaka kutopa za luso loposa linzake, osapeza yankho. Ndinayesa kuwakweza lamba, anakana. Ankati akadali kuphunzira kugwa."

Mzime analandira lambayo ndi manja awiri. Anali wofewa, wothetheka pamene pankakhala mfundo. Anayang'ana ophunzira amene anali atandanda kale kuyembekezera kuti awatsogolere. Kenaka anamasula lamba wake wakuda, nampatsa mlongo wake kuti amugwirire, namanga woyerayo m'chiuno.

Anaweramira a Mapewa.

"Aphunzitsi, tisanayambe zathu, tandionetsani mmene anandigwirira pamkono paja."